Kupuma pa ntchito n'kukakhala m'boti: muphunzirire kuti, nanga mukakocheze kuti?

Ndinakulira ku Nkhotakota, koma chingwe cha thanga ndinachigwira koyamba ndili ndi zaka 54, pa nyanja ya mchere pakati pa Southampton ndi Isle of Wight, ku Britain kumene ndimakhala, zala zitachita dzanzi ndi chisanu. Kwathu bwato ndi khasu la pamadzi. Munthu amalikwera kukasaka usipa kapena kuwolotsa matumba a chinangwa, osati kukapitidwa mphepo. Ndiye nditauza achimwene anga pa foni kuti ndikadzapuma pa ntchito ndikufuna kudzakhala m'boti, anayamba akhala kaye chete, kenako n'kufunsa motsitsa mawu: "Achimwene, kodi nyumba ija akulandani?"

Nyumba sanatilande. Padutsa zaka zinayi ndipo boti sindinagulebe, ngakhale kuti m'foni mwanga zithunzi za maboti ogulitsa zachuluka kuposa za adzukulu. Zaka zimenezi ndakhala ndikuyesa njira zophunzirira imodzi imodzi, ndi kucheza ndi anthu amene amagonadi pamadzi chaka chonse. Ambirife timathamangira funso loti ndigule boti lanji. Funso limenelo ndi lomaliza. Patsogolo pake pali awiri amene amagamula mlandu wonse: luso ndikalitenga kuti, ndipo pasipoti yanga, penshoni yanga ndi maondo angawa zindilola kukocheza kuti.

Za msinkhu musade nazo nkhawa kwambiri. Mayi Jeanne Socrates a ku Britain, amene anayamba za matanga ali kale munthu wamkulu, anamaliza kuzungulira dziko lonse okha, osaima paliponse, mu September 2019 ali ndi zaka 77. Ndipo amene amati awa ndi masewera a azungu okha akafunse za Neal Petersen wa ku Cape Town, amene mu 1998 ndi 1999 anapikisana nawo pa mpikisano wozungulira dziko ali yekha m'boti lodzikhomera yekha.

Kaboti kakang'ono, sukulu, kapena boti la eni

Njira yotchipa, imene ine ndimaikonda kuposa zonse, ndi kuyambira pa kaboti kakang'ono kopanda injini ku kalabu ya matanga. Ku Britain makalabu otere ali ponseponse, ngakhale pa madamu a m'kati mwa dziko, ndipo bungwe la Royal Yachting Association, limene aliyense amangoti RYA, lili ndi makosi a Level 1 ndi Level 2 a masiku awiri awiri. Kaboti ngati Wayfarer kapena Laser sikakunamiza. Ukakoka chingwe mopitirira kamapendekeka nthawi yomweyo, ukalekerera thanga limangopupuma ngati chitenje chapachingwe. Pamenepo ndi pamene thupi limamvetsa chimene buku silingakuuze: boti la thanga silipita molunjika kumene mphepo ikuchokera, limaipatuka ndi madigiri 45 kapena kuposerapo, ndiye kuti ukafike uko uyenera kuyenda mokhotakhota ngati njira ya ku Golomoti yokwera ku Dedza.

Tsiku langa lachiwiri mphepo inali kumbuyo. Mphunzitsi, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga, anakuwa kuti ndiwerame. Ine m'malo mowerama ndinatukula mutu kuti ndimve bwino. Mtengo wopingasa wa m'munsi mwa thanga, umene amati boom, unandipeza pamwamba pa khutu, kaboti n'kugudubuka, tonse awiri thibu m'madzi a mwezi wa April. Anandiphunzitsa kuimirira pa thabwa la pansi pa boti n'kulidzutsa ndi thupi langa lomwe, mano akugundana. Chichokereni tsiku limenelo, ndikakwera boti lililonse, khosi limadziwa lokha kumene mphepo ili. Kuipa kwa njirayi ndi komweko: imafuna maondo ndi msana, ndipo za injini, za nangula, za wailesi ndi za kudzaza ndi kuphwera kwa nyanja simuphunzirako kanthu.

Zimenezo zili ku sukulu za maboti akuluakulu. Makwerero a RYA amayamba ndi Competent Crew, masiku 5 mukugona ndi kuphika m'boti momwemo. Kenako Day Skipper, imene ili ndi mbali ya m'kalasi ya maola 40, yoti mutha kuichita pa intaneti, ndi masiku ena 5 pamadzi. Amayembekezera kuti musanabwere mukhale mutayendapo mailosi 100 ndi maola 4 a usiku. Mailo ya panyanja ndi mamita 1,852. Pamwamba pali Yachtmaster Offshore, imene mayeso ake simungalowe musanakwanitse masiku 50 pamadzi ndi mailosi 2,500, theka lake pa nyanja zodzaza ndi kuphwera, kuphatikizapo maulendo 5 opitirira mailosi 60. Ku America kuli makwerero ena a bungwe la American Sailing Association, a manambala 101, 103 ndi 104, amene amakufikitsani pa mlingo wobwereka boti panokha.

Masukulu ena amagulitsa makwerero onsewa pamodzi, kuchokera posadziwa kanthu kufika pa Yachtmaster m'miyezi itatu kapena inayi. Mnyamata wofuna ntchito pa maboti a anthu olemera zimamuyenera. Munthu wofuna kupuma pa ntchito, ndalama imeneyo ndikanaisunga. Day Skipper ndi chiphaso cha wailesi yolankhulirana pamadzi ya VHF ndi zokwanira poyambira, zotsalazo zimabwera ndi kuyenda. Dziwaninso kuti malamulo amasiyana. Ku Britain boti lanu la masewera mutha kulitulutsa pa nyanja popanda chiphaso chilichonse. Ku South Africa ayi: boti la thanga lopitirira mamita 9, kapena la injini yopitirira mahosipawa 15, limafuna chiphaso chovomerezeka ndi SAMSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamadzi, ndipo maboti amaikidwa m'magulu malinga ndi mtunda umene angatalikire ku gombe. Ku Greece ndi ku Croatia sangakubwerekeni boti musanaonetse pepala, ndipo limene ambiri amanyamula ndi ICC, chiphaso choyendetsera boti chimene mayiko ambiri amachivomereza.

Kosi yomweyo imakoma mosiyana malinga ndi kumene mwaichitira. Ku Solent, madzi aja a pafupi ndi Isle of Wight kumene ine ndinaphunzira, madzi amakwera ndi kutsika mamita angapo kawiri pa tsiku, ndipo amathamanga moti ukalakwitsa ola lonyamukira umangoona gombe lomwelo injini ikulira. Onjezanipo zombo zikuluzikulu za makontena zolowa ku Southampton zimene sizingakupatukire. Wophunzira kumeneko kwina konse amakaona kupepuka. Ku Mediterranean, monga ku Lefkas kapena ku Corfu ku Greece, kumatentha, madzi sakwera kwenikweni, ndipo ndiko ndingapititse munthu amene mtima wake sunakhazikike, chifukwa sabata imodzi ya mvula ndi chisanu imatha kupha chilakolako mpaka kalekale. Kwa abale athu a ku Johannesburg ndi ku Cape Town, Langebaan ndi Saldanha Bay kuli masukulu abwino, mumalipira ndi marandi, ndipo mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ya kumeneko imakuphunzitsa kuchepetsa thanga usanafunse chifukwa chake.

Njira yachitatu ndi kukwera maboti a eni. Pafupifupi kalabu iliyonse ili ndi madala amene ali ndi boti koma alibe womugwirira chingwe, makamaka pa mipikisano ya madzulo m'miyezi yotentha. Mumangosonkha ya chakudya ndi dizilo. Mailosi anga ambiri ndinawapeza chonchi, ndipo kumeneko ndinaona zimene sukulu imabisa: chimbudzi chotsekeka pakati pa ulendo, fyuluta ya dizilo yodzaza matope, banja likukangana poponya nangula anthu a m'maboti oyandikana akumwa tiyi n'kumaonerera. Chenjezo n'lakuti musamangokwera ndi aliyense. Funsani kuti boti linatulutsidwa liti m'madzi kukaliyendera, onani majekete opulumutsira ndi maso anu, ndipo muyambe ndi ulendo wa masana musanavomere wa usiku.

Ulendo umene unasintha mapulani a banja lathu unali wotere. Tinanyamuka madzulo kudutsa pa miyala ya Needles ku Isle of Wight kupita ku Cherbourg ku France, mtunda wa mailosi pafupifupi 60, maola 12 kapena kuposa. Mayi a kunyumba anali nawo, ulendo wawo woyamba wa usiku. Cha m'ma 1 koloko, tili pakati pa misewu ya zombo, magetsi ofiira ndi obiriwira akudutsa mbali zonse, amene anagwada pa ndowa kusanza anali ine, mwana wa m'mbali mwa nyanja. Iwo, obadwira ku Ntcheu kumene madzi aakulu ndi a m'chitsime, anagwira chiwongolero maola atatu akuimba nyimbo za kwaya chapansipansi. Kutacha anandipatsa tiyi n'kunena kuti, "Bambo, nyanja ndaikonda. Koma kabafa kaja ayi. Mukafuna ndidzakhale m'boti, muyambire pamenepo." Mnzathu wina wa ku Zimbabwe amene anayenera kukhala nawo pa ulendowu anatsala pa doko, chifukwa pasipoti yake inkafuna viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya. Nkhani imeneyo tiibwerera.

Njira yachinayi, yogula boti kaye n'kumaphunzira nalo, sinditayapo nthawi. Kuseri kwa marina iliyonse, doko losungirako maboti, kuli maboti oimikidwa pa zitsulo, ndere zitamera, eni ake akulipirabe malo mwezi ndi mwezi. Ambiri anagulidwa mwezi woyamba wa penshoni.

Malo okakhala

Poyamba penipeni pali kungokhala m'marina ya ku Britain konkuno. Chipatala chili pafupi, ana ali pafupi, sitolo ya zipangizo ili pakhomo. Koma marina zambiri sizilola munthu kukhalamo ngati pakhomo pake, malo ovomerezeka ndi ochepa, ndipo ku gombe la kum'mwera mitengo yake ndi yowawa. Mdani wamkulu ndi chinyezi. Mu January mpweya wa m'kamwa mwanu umasanduka madontho pa denga n'kukudonthera pa bulangete, zovala m'kabati n'kuchita nkhungu. Amene chimawakoka ndi moyo wa pamadzi chabe, osati thanga, aganizire za maboti aatali opyapyala a m'ngalande, a narrowboat. Bungwe la Canal & River Trust, limene linayamba mu 2012, limasamala ngalande ndi mitsinje ya mailosi pafupifupi 2,000 ku England ndi Wales. Wopanda malo okhazikika amaloledwa bola asamaime pamodzi masiku opitirira 14. Kulibe mafunde, kulibe nseru, muli mbaula ya nkhuni, ndipo liwiro lake ndi la munthu woyenda pansi mofulumira. Kwa ena a ife ndiye yankho loona, kungoti silikoma kulinena.

Ku Mediterranean ndi kumene maloto a anthu ambiri amaloza, ndipo ndi kumene pasipoti imaluma. Amene si nzika ya mayiko a European Union amaloledwa masiku 90 okha pa masiku 180 alionse m'dera lonse la Schengen, ndipo chichokereni Britain mu European Union lamuloli likukhudzanso a pasipoti yake. Croatia, kumene anthu ankathawirako, inalowa mu Schengen mu January 2023. Zotsala ndi mayiko monga Turkey, Montenegro, Albania ndi Tunisia, ndiye moyo wanu umakhala wowerenga masiku pa kalendala. Wa pasipoti ya Malawi yokha ali ndi phiri lina patsogolo, chifukwa ayenera kupempha viza, ndipo fomu yake imafuna adiresi ya kumene mukagone ndi tsiku lobwerera, zinthu zimene munthu woyenda ndi mphepo alibe. Njira yotulukira ndi kupempha chilolezo chokhala m'dziko limodzi, zimene zimafuna umboni wa ndalama zolowa mwezi ndi mwezi ndi inshuwalansi ya chipatala. Zikatheka, moyo wake ndi wabwino: miyezi yotentha pa nangula osalipira kanthu m'malo ambiri, yozizira m'marina ngati Licata kapena Marina di Ragusa ku Sicily kumene okhala m'maboti amasonkhana ngati mudzi. Kungoti mu July ndi August nyanja ya Aegean ili ndi mwera wakewake, dzina lake meltemi, wochokera kumpoto.

Caribbean imafuna kuti muwoloke Atlantic kaye, kapena mukagulire boti konko. Owoloka ambiri amatsagana ndi ulendo wa ARC, wa maboti ambiri owolokera limodzi, umene chiyambire 1986 umanyamuka ku Las Palmas mwezi wa November, ndipo masiku ano umathera ku Saint Lucia, mailosi pafupifupi 2,700, masabata awiri kapena atatu osaona mtunda. Zilumba zambiri zimayankhula Chingerezi, ndipo munthu wakuda sakhala chinthu chodabwitsa pa doko, chimene pambuyo pa zaka zambiri ku Ulaya si chinthu chaching'ono. Koma kuyambira 1 June mpaka 30 November ndi nyengo ya anamondwe, ndipo a inshuwalansi amakulemberani malire a kumene boti liyenera kukhala. Anthu amathawira kum'mwera, ku Grenada ndi ku Trinidad. Ngakhale kumeneko si kodalirika kotheratu: namondwe Ivan anasakaza Grenada mu 2004, ndipo Beryl anaphwanya maboti ochuluka pa chilumba cha Carriacou mu July 2024. Ife amene tinaona zimene Freddy anachita ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu March 2023 sitifunika kutiuza kawiri. Chinanso, kuchoka kumeneko kukafika ku Lilongwe pa maliro ndi ulendo wa masiku awiri ndi ndege zitatu.

Kufupi ndi kwathu kuli gombe la Indian Ocean. Richards Bay ndi Durban kuli makalabu, amisiri ndi zipangizo, ndipo ku Cape Town ndi kumene kampani ya Robertson and Caine imakhoma maboti a Leopard amene adzaza m'madoko a dziko lonse. Koma gombe la South Africa si la munthu wophunzira kumene. Madzi a Agulhas amathamangira kum'mwera mwamphamvu, ndipo akakumana ndi mphepo yochokera kum'mwera chakumadzulo amadzutsa mafunde amene athyolapo zombo zazikulu. Kuchoka ku Durban kukafika ku East London, mailosi pafupifupi 250, palibe doko lothawirako. Chakumpoto kuli Inhambane, Bazaruto, Ilha de Moçambique, Nosy Be ku Madagascar, mpaka Tanga ndi Kilifi, malo okongola ndi otchipa kukhalako, koma amisiri ndi ochepa, anamondwe amayamba November mpaka April, ndipo chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique chili pa nkhondo chiyambire 2017.

Nanga nyanja yathu?

Funso limeneli ndi limene limandisowetsa tulo, ndipo ndikhalapo pang'ono. Nyanja ya Malawi ndi yaitali kupitirira makilomita 550, ndipo chakumpoto imazama mamita pafupifupi 700. Matanga si achilendo pamenepo: zombo za Aswahili zinkawoloka kuchokera ku Nkhotakota m'masiku a Jumbe, ndipo mpaka lero mumaona mabwato a matanga akuwoloka pakati pa Likoma ndi gombe la Mozambique. Palinso mpikisano wa maboti a matanga wa masiku angapo umene wakhala ukuchitika m'nyengo ya mwera, kuchokera kum'mwera kukwera kumpoto, ndipo malo ena ogona alendo ku Cape Maclear ndi ku Senga Bay amakhala ndi timaboti ta matanga toti munthu n'kuphunzirirapo ali pa tchuthi.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Madzi opanda mchere sadya zitsulo ndi injini ngati a m'nyanja zazikulu, ndipo mukawasefa mumamwa. Kulibe kuwerenga maola a kudzaza ndi kuphwera. Viza simufuna, ndipo popeza malamulo tsopano amalola unzika wa mayiko awiri, amene anatenga pasipoti ina atha kukonza mapepala n'kubwerera ngati mwini mudzi. Chambo mumagula pa bwato m'mawa, chiyankhulo n'chanu, ndipo uthenga wa maliro ukabwera mumakocheza n'kukwera minibasi.

Koma chikomekome cha mkuyu. Nyanjayi ilibe njira ya boti yopita ku nyanja yaikulu, chifukwa Shire ali ndi mathithi ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Boti liyenera kubwera pa lole kuchokera ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku South Africa, mulipire msonkho, ndipo likalowa lalowa. Tsiku lofuna kugulitsa, ogula mudzawawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Marina ya mtundu wa ku Ulaya, yokhala ndi magetsi, madzi ndi makina otukulira boti, musaiyembekezere. Malo obisala mphepo ndi owerengeka: Monkey Bay, kumene kuli malo okonzera zombo ndi kwawo kwa Ilala, Nkhata Bay, magombe ena a Likoma ndi kuseri kwa zilumba za ku Cape Maclear. Gombe lalitali la kwathu ku Nkhotakota ndi la mchenga, lotseguka, ndipo mwera ukauka pakati pa May ndi August umakhala utathamanga makilomita mazana pamadzi popanda chouletsa. Mafunde ake ndi afupiafupi, oimirira, otopetsa kuposa a m'nyanja ya mchere. Akuluakulu amakumbukabe Vipya, sitima yatsopano imene inamira mu July 1946 kufupi ndi Chitimba n'kupita ndi anthu 145. M'dzinja mphepo imatembenuka kukhala mpoto, ndiye gombe limene linakusungani mu June limakutembenukirani mu January.

Onjezanipo zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku. Usiku nyanja imadzaza nyali za asodzi a usipa ndi maukonde opanda chizindikiro. Kapampu ka madzi a injini kakathyoka, kamene ku Southampton mumakagula masana omwewo, kuno mudikira wachibale wobwera pa ndege, ndipo ndalama zakunja ndi dizilo zimasowa nthawi zina monga tonse tikudziwira. Likodzo lili m'madzi osaya a m'magombe ambiri, malungo ali, ng'ona ndi mvuu zili kumene mitsinje imathirira. Mukadwala mtima muli ku Chizumulu, opulumutsa a pamadzi ofika m'mphindi 20 ngati a bungwe la RNLI la ku Britain kulibe. Ine chigamulo changa n'chakuti nyanja yathu ndi yabwino kwa munthu wokhala ndi kanyumba pa gombe ndi boti laling'ono la mamita 6 mpaka 8 lokokeka pa ngolo, loti n'kugonamo sabata imodzi kapena ziwiri. Kukhaliratu m'boti chaka chonse pamenepo n'kwa munthu amene ndi makaniko, kalipentala ndi namwino nthawi imodzi.

Ndalama, mapepala ndi thupi

Pali misampha itatu imene Amalawi a ku Britain ambiri saidziwa. Woyamba: penshoni ya boma la Britain imakwera chaka ndi chaka ngati mukukhala ku Britain, m'mayiko a European Union, kapena m'mayiko amene ali ndi pangano lapadera monga Turkey, Barbados, Jamaica ndi Mauritius. Mukakhazikika ku Malawi kapena ku South Africa imaima pa mlingo umene munachoka nawo, zinthu zikukwera mtengo. Wachiwiri: amene ali ndi chilolezo chokhala mpaka kalekale, chija amati indefinite leave to remain, koma sanatenge unzika, chimatha mphamvu akakhala kunja zaka 2 zotsatizana. Wachitatu: chithandizo chaulere cha zipatala za boma, cha NHS, chimatsata kumene mukukhala, osati misonkho imene munalipira zaka 30. Kwa ife a BP ndi shuga, funso loti mankhwala a miyezi itatu ikubwerayi ndikawatenga kuti liyenera kuyankhidwa boti lisanagulidwe. Ndipo msinkhu wolandirira penshoni ya boma ukukwera kuchoka pa 66 kufika pa 67 pakati pa 2026 ndi 2028, ndiye a msinkhu wanga tiwonjezere chaka pa masamu athu.

Pa boti lenilenilo, okhala pamadzi amakonda kunena kuti chaka chilichonse muzipatula gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wake kuti likhale la kukonza. Pa boti lakale lotchipa gawolo limaposa pamenepo, chifukwa thanga latsopano silitchipa poti boti ndi lakale. Mawaya ogwira mlongoti a inshuwalansi ambiri amafuna asinthidwe pakatha zaka 10 kapena kuposerapo pang'ono. Pansi pa boti pamafuna penti yoletsa ndere ndi nkhono chaka chilichonse kapena ziwiri. Musagule popanda kulipira katswiri wodziimira payekha kuti alitulutse m'madzi n'kuligogoda paliponse. Ndipo boti limatsika mtengo pamene puloti ya ku Area 49 ikukwera, n'chifukwa chake kugulitsa nyumba kuti mugule boti ine sindingakuvomerezeni. Ikani alendi, lendiyo izidyetsa boti.

Kukula kwake, kwa anthu awiri a zaka za m'ma 60, mamita 10 mpaka 12 ndi pabwino. Kupitirira apo nangula amalemera, matanga amalemera, ndipo marina imalipiritsa pa mita. Boti la mimba imodzi, monga Westerly kapena Moody akale a ku Britain, kapena Beneteau, Jeanneau ndi Bavaria amene ali mbwee pa msika, ndi lotchipa kugula ndi kusunga, koma limayenda chopendekeka ndipo mumatsika makwerero otsetsereka kambirimbiri pa tsiku. La mimba ziwiri, catamaran, silipendekeka, mphika umakhala pa moto osaugwira, ndipo bafa lake ndi loti munthu n'kutembenukamo. Mtengo wake ndi umene umabweza anthu, ndipo marina zambiri zimalipiritsa kamodzi ndi theka chifukwa cha kutambalala.

Ife pakadali pano tagwirizana za theka ndi theka: boti la mimba imodzi la mamita 11 losungidwa ku Preveza ku Greece, kumene kuli malo aakulu oimikako maboti pamtunda, masiku athu 90 m'nyengo ya April mpaka June, kenako kwathu kukazizidwa ndi mwera tili pakhonde, boti lili pa zitsulo. Tisanasaine chilichonse, mayi a kunyumba aika mayeso awo. February akubwerayu tikagona milungu inayi m'boti la mnzathu wa ku kalabu, lili pa marina, iye ali kwa ana ake. Akuti tikatenge mbaula ya magetsi imodzi, ufa wa nsima ndi kabuku kolembamo ndalama iliyonse imene yatuluka, ndipo pampu ya chimbudzi ikatsekeka wokaimasula ndine.